Mowa Salavula

Ababa anga anthu amawatchula kuti a Kalawe. Dzinali analitenga ku fakitale ya tiyi kumene anagwira ntchito mpaka imvi zitakwana mutu wonse. Tiyi akangotuluka m'makina, akuluakulu ankangoti, "Kalawe uyu, kalawe uyo," mpaka mawuwo anamatirira pa munthu. Ine ndinakula ndikumva dzinali, ndipo sindibisa, ndinkalinyadira. Si bambo wa aliyense amene amalipidwa chifukwa cha lilime.

Ndinawaonapo akugwira ntchito ndili mtsikana. Chipinda chake chinali choyera mbee, ndipo pa tebulo lalitali panandandalikidwa makapu mzere umodzi. Ababa ankayenda m'mbali mwa tebulolo atavala chijasi choyera chofika m'mawondo, supuni ili m'manja. Ankatunga tiyi n'kumukoka ndi phokoso loti mwana atachita pakhomo akhoza kulandira mbama. Ankamuyendetsa m'kamwa, kenako n'kulavulira m'chitini chachitali chamatayala chimene ankachikankha ndi phazi. Sankameza ngakhale dontho. Akalavula ankanena mawu awiri okha: "Wapserera uyu." "Masamba okalamba." "Uyu ndiye tiyi." Zimene anena zinali zomwezo, panalibe wotsutsa.

Lilimelo ankalisamala kuposa nsapato zawo zoyendera. Fodya sankasuta, tsabola sankamuyandikira, chakumwa chotentha ankadikira kuti chizizire kaye. Mowa ndiye ayi ndithu. Paphwando munthu akawapatsa botolo, ankaloza pakamwa n'kunena kuti, "Pepani achimwene, khasu langa ndi ili. Likabuntha mwana adya chiyani?" Anthu ankaseka n'kuwayamikira kuti ndi munthu wodziwa kusunga ntchito.

Chifukwa chenicheni tinkachidziwa anthu atatu, iwowo, amayi ndi ine. Asanayambe za tiyi, ababa ankanyamula matumba m'tauni ina, ndipo anali chidakwa chotheratu. Sanali womenya kapena wotukwana. Ankangoyamba kuimba kanyimbo kena kopanda mutu, kenako miyendo n'kuwakana paliponse pamene yawakanira. Tsiku lina masana tikuweruka kusukulu, ndinawapeza ali gone m'ngalande pafupi ndi geti, nsapato imodzi itavuka, anzanga akuwazungulira n'kumaseka. Ndinatola nsapatoyo n'kupita nayo kunyumba ndikulira. Amayi anangoiyang'ana n'kuyamba kulongedza katundu. Ababa atadzuka anapeza zikwama zili pakhomo, ndipo anagwada pansi. Kuyambira tsiku limenelo sanamwenso. Tinasamuka m'tauni ija, ntchito ya tiyi inapezeka, ndipo nkhaniyo tinaikwirira. Anatipempha kuti isadzatuluke pakamwa pa munthu, ife tinavomera. Amayi anamwalira atasunga lonjezo lawo, n'kundisiyira ine ndekha katunduyo.

Tsono mundiuze ngati tsoka lilibe nthabwala. Mwa amuna onse a padziko lino, ine ndinakwatiwa ndi munthu wofulula mowa.

Pondikwatira sanali wotero. Anali mphunzitsi wa sayansi, munthu wofatsa wokonda kuyesa tinthu. Anayamba ndi ndowa ziwiri m'khitchini mwanga, kumawerenga mabuku ndi kununkhiza zinthu zofufuma. Ndinkati zidzatha zokha ngati mmene zinathera zopanga sopo ndi zoweta njuchi. Sizinathe. Anasiya choko, n'kupeza galaja yakale kumapeto kwa msewu wa msika, n'kuikamo mathanki achitsulo onyezimira ndi mapaipi. Ankati tauni yathu yaing'onoyi ikuyenera kukhala ndi mowa wakewake wa m'mabotolo, wofulula pang'onopang'ono, uliwonse ndi kakomedwe kake. Panali woyera, wofiira ndi wakuda bii. Ankaufulula ndi chimera cha balere, yisiti, ndi timaluwa touma tobiriwira timene timapatsa mowa kuwawa ndi fungo. Ine ntchito yanga inali kutsuka mabotolo, kumata mapepala ndi kukhala pakauntala kutsogolo, pamene tinaikapo mipando ingapo ya anthu ofuna kumwera pomwepo.

Vuto linali limodzi. Amuna angawo mutu ali nawo, manja ali nawo, koma lilime lawo ndi thabwa. Chilichonse chotuluka m'thanki mwawo kwa iwo chinali chokoma. Ankachita kutsinzina ndi chimwemwe pomwa zinthu zoti wina aliyense akanazithira m'ngalande. Iwo eni ankadziwa zimenezi, ndiye tsiku lina tikudya anati, "Amake mwana, ife tikuvutikiranji chonsecho lilime la dziko lonse lili kuseri kwa nyumba yathu?"

Kuseriko kunali kanyumba kamene ababa ankakhala chipumire pantchito. Munali bedi, mpando, wailesi ndi chijasi choyera chija chitapachikidwa pamsomali. Munthu amene mawu ake ankagwedeza fakitale tsopano ankangokhala pakhomo kuyang'ana nkhuku za aneba. Ankadzuka mochedwa, ndevu osameta, ndipo ukawafunsa kuti ali bwanji ankangoti, "Tilipo, tipita kuti?"

"Ababa samwa," ndinayankha msangamsanga.

"Ndikudziwa, ankasunga lilime chifukwa cha ntchito. Nanga pano akulisungira ndani?"

Bodza limene linatiteteza zaka zonsezo linali litapuma pantchito limodzi ndi mwini wake. Ndinayesa kunena kuti ndi okalamba, kuti za mowa sazidziwa, kuti sangafune. Amuna anga anangopukuta m'manja n'kupita kuseri, ine ndikuwatsatira pambuyo mtima uli m'mwamba.

"Bambo, ndabwera ndi pempho," anatero atakhala pansi. "Mowa wanga ulibe woweruza. Mundithandize."

Ababa anandiyang'ana, ine ndinapukusa mutu pang'ono kumbuyo kwa amuna anga. Anandiona bwinobwino. Koma ndinaonanso mmene msana wawo unawongokera pampandopo, ngati munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa pagulu.

"Apongozi," anatero, "kulawa si kumwa. Ine ndalawa tiyi wodzaza mitsinje, koma m'mimba mwanga simunalowe ngakhale kapu imodzi. Mundipezere ndowa yolavuliramo basi."

Lachisanu lotsatira anatulukira atameta, malaya atasita, chijasi chili paphewa, supuni yawo yakale ili m'thumba. Amuna anga anandandalika timatambula pakauntala. Ababa anatunga mowa woyera, n'kuukoka ndi phokoso lija, n'kuuyendetsa m'kamwa, n'kulavulira m'ndowa. "Sopo," anatero. "Wina sakutsukuluza mabotolo." Wina ameneyo ndinali ine, ndipo ndinapsa mtima chifukwa zinali zoona. Atalawa wakuda anati chimera chapserera. Wofiira anaununkhiza nthawi yaitali, n'kulawa, n'kulavula, n'kunena kuti, "Uyu ndiye mowa." Amuna anga anatsala pang'ono kuvina.

Zinayenda choncho kwa miyezi. Lachisanu linasanduka tsiku la ababa. Anthu anayamba kubwera kudzangoonerera mkulu wolavula mowa, ena n'kumadandaula kuti ndowayo ikudya bwino kuposa iwo. Ababa ankaseka nawo, ananenepa pang'ono, ndipo anayambanso kufunsa mdzukulu wawo za kusukulu. Ine ndinkakondwa, inde, koma kukondwa kwake kunali kwa munthu woyenda pa ulalo wa mtengo umodzi. Onse akamayang'ana nkhope ya ababa kudikira chiweruzo, ine maso anga ankakhala pakholingo pawo. Likangokhala phee mpaka malovu atagwera m'ndowa, ndinkapuma. Ndinkatenga ndowayo ndekha kukataya, n'kuwapatsa madzi kuti achukuche m'kamwa ine ndikuona.

Koma pakauntala ndinkaona chinthu china chimene amuna anga sankachiona ali kumathanki. Mowa wofiira uja, umene tinkaudalira, anthu ankaugula botolo limodzi lokha. Ankauyamikira pa kumwa koyamba, kenako botolo likatha ankapempha madzi kapena kutsanzika. Palibe ankanena chifukwa. M'tauni yaing'ono munthu sangakuuze kuti mowa wako waipa, mawa mukumana pamsika.

Amene ananena anali mlendo. Kunabwera mayi wina wochokera mumzinda waukulu, amene ntchito yake ndi kuyendera mafakitale ang'onoang'ono kusankha mowa woti uzigulitsidwa m'mahotela. Amuna anga anamudikira ngati mvula. Akatenga mowa wathu, galaja ija idzakhala fakitale yeniyeni. Akaukana, amuna anga anali atanena kale kuti abwerera kukagwira choko, ndipo ponena zimenezo nkhope yawo inkaoneka ngati ya munthu wonena za maliro ake.

Mayiyo anafika masana, wamfupi, wa magalasi, wosachedwa ndi malonje. Anakhala pakauntala, ababa ataima pambali ndi chijasi chawo. Anayang'ana mowa wofiirawo pakuwala kwa zenera, n'kuona thovu, n'kununkhiza. Anamwa pang'ono, n'kumeza, n'kudikira akuyang'ana kudenga. Kenako nkhope inakwinyika.

"Mowa wanu umalonjera bwino," anatero, "koma umatsanzika moipa. Pakamwa ndi wokoma. Ukangodutsa apa," analoza pakhosi, "umasiya kuwawa kokanda, kosachoka. Munthu sangaitanitse botolo lachiwiri. Amakulawirani ndani?"

Amuna anga analoza ababa monyadira, n'kufotokoza za zaka zawo ku fakitale ya tiyi. Mayiyo anawapatsa moni waulemu n'kupempha kuti alawe iye akuona. Ababa anatulutsa supuni, anakoka, anayendetsa m'kamwa, n'kuwerama kulavulira m'ndowa. Mayiyo anaseka. Sikunali kuseka kwachipongwe, koma kunali kuseka ndithu, ndipo panali anthu.

"Pepani bambo, ndaona pamene pali vuto. Tiyi amalavula, koma mowa salavula. Mbali ina ya mowa imamveka ukadutsa kummero. Inuyo mwakhala mukuweruza mlandu mutamva mbali imodzi."

Ndinaona nkhope ya ababa ikusintha. M'moyo wawo wonse panalibe munthu amene anawauzapo kuti lilime lawo laphonya kanthu. Makasitomala awiri amene anali pampando anasiya kucheza. Mayiyo anathira mowa m'katambula n'kukankhira kwa ababa.

"Mezani mumve nokha."

"Ababa ali pa mankhwala," ndinatero mokweza kuposa mmene ndinkafunira.

Amuna anga anatembenuka modabwa. "Mankhwala a chiyani? Bambo, mukudwala osatiuza?"

Apa ababa akanatha kuvomera bodza langalo n'kupulumuka. Akanangoti mutu, kapena kuthamanga kwa magazi. Koma kuvomera kukanatanthauza kuchoka pakauntalapo ali munthu amene walephera ndipo sangathe kukonza kulephera kwake. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe.

"Mwanayu amandiyesa khanda," anatero. "Ndilibe matenda ine."

Ananyamula katambulako. Anamwa, ndipo kholingo linakwera n'kutsika. Anatsinzina kanthawi, kenako anatsegula maso n'kuyang'ana amuna anga.

"Mayiwa akunena zoona. Timaluwa tanu tija mukutiwiritsa nthawi yaitali, apongozi. Zikukhala ngati tiyi woiwalika pamoto. Ndinalakwa ine."

Mayiyo anaomba m'manja. Anati lilime lotere ndi losowa, ndipo tikakonza kuwawako adzabweranso mwezi wamawa. Atachoka, amuna anga anagwira dzanja la ababa ndi manja awiri. Palibe anaona kuti ine ndalowa kumathanki kukaima kuseri kwa matumba a chimera.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinapita kukanyumba kuja. Ndinawapeza atakhala pabedi, chijasi chikadali m'thupi.

"Ababa, mwachita chiyani?"

"Ndagwira ntchito."

"Mwameza."

"Dontho, iwe. Ukuyesa zaka zonsezi zingagwe ndi dontho?"

"Ndikawauza bambo ake mwana. Akadziwa sangakupatseninso."

Anaimirira. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza. "Ukamuuza, wandivula pamaso pa mkamwini wanga. Munthu amene amandipatsa mpando, amene amanditchula bambo. Ukufuna azindiyang'ana n'kumaona munthu wa m'ngalande? Mayi ako anapita nayo kumanda nkhaniyi. Iwe yakulemera pati?"

Ndinatuluka. Ndikanena, ndiwaphera ulemu, chinthu chokhacho chimene anatsala nacho. Ndikakhala chete, ndiwasiya m'kamwa mwa chilombo chimene ndinkachidziwa bwino. Ndipo pakati pa ziwirizi panali amuna anga, osalakwa, akuwerengera masiku oti mayi uja abwerenso. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Kukonza mowa si ntchito ya tsiku limodzi. Amuna anga ankafulula pang'onopang'ono m'miphika, uwu timaluwa tochepa, uwu tothira mochedwa, uwu towiritsa kanthawi kochepa. Uliwonse unkafuna woweruza, ndipo woweruza tsopano ankameza. Ndowa ija inabwerera kuntchito yake yokolopera. Ndinayesa nzeru zanga zonse. Ndinagula timatambula tating'ono kwambiri. Ndinkathira ndekha, theka la theka. Ndinkaika buledi ndi madzi pambali. Amuna anga ankandiseka kuti ndine woumira, ndikumana ngakhale bambo anga ondibereka.

Zizindikiro ndinkazidziwa chifukwa ndinaziphunzira ndisanaphunzire kuwerenga. Choyamba, ababa anayamba kukayikira lilime lawo. Munthu amene ankaweruza kamodzi n'kutha tsopano ankati, "Sindinamvetse, tabwerezani." Kenako Lachisanu linayamba kubwera kawiri pamlungu. Ankatulukira Lachiwiri n'kunena kuti angodutsa, koma poti afika kale, bwanji aone mmene wa m'thanki yapakona ukuyendera. Anayamba kuyenda ndi maswiti onunkhira m'thumba. Tsiku lina ndikuyanika zovala kuseri ndinamva kanyimbo kaja kakutuluka pazenera la kanyumba, kotsitsa, kosasintha ngakhale mawu amodzi. Ndinakhala pansi pomwepo, zovala zonyowa zili pamiyendo.

Choipa kwambiri n'chakuti ntchitoyo ankaigwira bwino. Mowa wofiira unasintha zoti aliyense anaona. Anthu anayamba kuitanitsa lachiwiri ndi lachitatu. Mayi wa mahotela anabweranso, anameza, anadikira, n'kumwetulira. Anati autenga. Amuna anga anandinyamula m'mwamba pamaso pa anthu, chinthu chimene sanachitepo ngakhale tsiku la ukwati wathu. Walira mvula walira matope. Ine ndinapempherera tsiku limeneli, ndipo litafika ndinkangofuna kulira.

Patapita masiku angapo amuna anga anabwera ndi katoni kuchokera kosindikiza. Anati ali ndi mphatso ya ababa. Anatsegula pamaso pathu tonse. Anali mapepala atsopano omata pa mowa wofiira, ndipo pa lililonse panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti KALAWE, pansi pake kachithunzi ka supuni. Ababa anatenga limodzi n'kulisisita ndi chala, misozi ili lengelenge. Mlungu wonsewo ine ndinakhala ndikumata dzina la bambo anga pamabotolo a mowa, limodzi ndi limodzi, mpaka zala zitachita dzanzi.

Ndinalephera kupirira tsiku limene ndinapeza mabotolo opanda kanthu kuseri kwa kanyumba, atakwiriridwa ndi masamba. Ndinapita kumathanki, ndinazimitsa pampu kuti andimve, n'kuwauza amuna anga zonse, kuyambira kungalande mpaka kumasamba. Anakhala pathumba la chimera.

"Amake mwana, zaka zonsezi osandiuza? Ine ndi manja angawa ndimawapatsa tambula?"

"Anandiletsa."

"Ndiye ndawapha ine."

"Simunadziwe."

Ndi munthu wabwino, ndipo anachita zimene munthu wabwino angachite. Lachisanu ababa atafika ndi chijasi chawo, anawalandira ndi ulemu wonse, n'kuwauza kuti mowa tsopano wakhazikika, ntchito yaikulu yatha, ndi bwino apumule. Anawonjezera kuti dzina lawo likhalabe pabotolo mpaka kalekale. Koma amuna anga sadziwa kunama. Ankalankhula akuyang'ana pansi, ndipo pakauntala panalibe katambula ngakhale kamodzi. Ababa anawayang'ana, kenako anayang'ana ine nthawi yaitali. Anavula chijasi, anachipinda bwinobwino, n'kutuluka osatsanzika.

Kuyambira pamenepo anasiya kundilankhula. Chakudya ndikawapititsira ankangoloza patebulo. Akamva amuna anga akubwera ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti ukali umatha, bola ali kutali ndi mathanki. Ndinaiwala kuti mowa wathu tsopano unali m'mashopu ndi m'mabala a tauni yonse, ndipo ndine ndemwe ndinkaupakira m'makatoni.

Amene ananditsina khutu ndi mayi wogulitsa mazira pafupi ndi depoti. Anabwera kukauntala masana ena n'kunong'ona kuti, "Asisi, si nkhani yanga, koma bambo anu ndimawaona tsiku ndi tsiku pabala ya kuseri kwa depoti. Dzulo anachita kuwagwira mkono powolotsa msewu."

Ndinatseka kauntala n'kupita. Bala yake ndi chipinda chimodzi chamdima ngakhale masana, chonunkha utsi ndi mankhwala okolopera. Ababa anali patebulo lapakati, anthu atawazungulira. Madalaivala, makondakitala ndi ena ongokhala anali atapeza masewera atsopano. Aliyense ankagula botolo la mtundu wina n'kuliika patsogolo pawo kuti a Kalawe enieni, a pabotolo, aweruze. Ababa ankanyamula botolo, kumwa mpaka pakati, n'kunena kuti, "Madzi okhaokha awa," anthu n'kuphulika kuseka. Wina ankafuula kuti, "Kalawe uyu, mdala!" n'kukankha lina. Panalibe katambula, panalibe buledi, panalibe woti anene kuti basi. Malaya anali atatuluka m'buluku, ndipo batani limodzi linali litalowa pabowo lolakwika.

Atandiona kuseka kunawathera. Anthu aja anabalalika pang'onopang'ono, aliyense kupeza chochita. Ndinakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo. Ndinabwera ndi mawu ambiri aukali, koma onse anathera pakhomo.

"Wabwera kudzaona ntchito ya manja ako?" anatero.

"Ndabwera kudzakutengani."

"Kupita kuti? Kukayang'ana nkhuku?"

Ndinayang'ana mabotolo amene anali patebulopo. Ndinaganiza za msewu wa depoti ndi mabasi ake, ndi za sukulu ya mwana wanga imene ili pa msewu womwewo. Kuwatsekera m'nyumba sindikanatha, ndi munthu wamkulu. Kuletsa mabala onse a m'tauni kuwagulitsa sindikanatha. Zopita kuchipatala ababa anali atakana kale, ati iwo si wamisala. Chimene ndinali nacho m'manja chinali chimodzi chokha, ndipo ndinadana nacho ndisanachitchule.

"Mowa wakuda uja wavuta," ndinatero. "Bambo ake mwana sakudziwa chimene chalakwika. Tikufuna mubwerere."

Anandiyang'ana ndi maso ofiira. Ankadziwa kuti ndikunama, ndipo ankadziwa kuti ndikudziwa kuti akudziwa. Anakonza kolala ya malaya.

"Ndinawauza ine kuti chimera chija akuchiotcha kwambiri," anatero, n'kugwira tebulo kuti aimirire.

Amuna anga atamva anakana poyamba. Anati bola atseke fakitale. Ndinawafunsa ngati kutseka kwathu kutsekenso bala ya kudepoti. Anangopempha kuti iwo asamakhalepo, ndipo mpaka lero nthawi yolawa ikakwana amapeza paipi yoti akonze kumathanki.

Ndiye ababa anabwerera. Tsopano amabwera tsiku lililonse chakumasana, atameta, chijasi chili choyera, ndipo anthu amawapatsa moni mwaulemu pamsewu. Masiku ambiri akachoka pakauntala amapita kunyumba molunjika, ine ndikuwayang'ana pazenera mpaka atakhota. Masiku ena sakhota. Mahotela awonjezera maoda, ndipo aliyense amati tili ndi mwayi kukhala ndi munthu wotere m'banja.

Ndimatsuka katambula, ndimakapukuta, n'kuthira ndekha mpaka pakati. Ababa amayang'ana pakuwala, amanunkhiza, amameza, n'kunena zoona zokhazokha za mowawo. Kenako amakankhira katambulako kwa ine osandiyang'ana kumaso, n'kunena motsitsa kuti sanamve bwinobwino. Ine ndimayang'ana chitseko, ndimaganiza za kudepoti, ndipo ndimathiranso.